Malipiro a dokotala amafika mpaka pa benchi la odwala

M'mawa pachipatala cha Zingwangwa mabenchi amadzadza msanga, aliyense kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Amene timawatchula kuti adokotala m'chipinda muja nthawi zambiri amakhala kiliniko ofesa kapena medikolo asisitanti, ndipo boma limawalipira pamwezi. Aone odwala 40, aone 140, ndalama ndi yomweyo.

Ubwino wake ulipo: sangakulembereni mankhwala osafunika kuti apezepo kangachepe. Koma sapindulanso kanthu akakhala nanu nthawi yaitali, kukuyezani BP pomwe inu mwabwerera chifuwa. Mzere ukatalika, chapafupi n'kulemba kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Gulupu. Sikuti ndi ulesi ayi. Munthu mmodzi sangafunse bwino khamu lonselo dzuwa lisanapendeke.

Ku kiliniki zolipiritsa zinthu zimatembenuka. Kumeneko jakisoni, dilipi ndi kuyeza magazi, chilichonse chili ndi mtengo wake, kaya mukulipira nokha kaya ndi inshuwalansi ya MASM. Amakulandirani ndi nsangala, simudikira. Komatu chimfine chongofuna kupuma ndi madzi akumwa chimatha kutuluka ndi mankhwala a mitundu inayi, ena mwa iwo maantibayotiki.

Boma linayesapo njira zina. Mu 2005 linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, pofuna kuti anamwino ndi madokotala asamathawire kunja. Imeneyo inali ndalama yoti munthu akhale pa ntchito, osati yoyeza mmene akugwirira.

Yoyeza ntchito inabwera mu 2013 ku Balaka, Dedza, Mchinji ndi Ntcheu, ndi thandizo la Germany ndi Norway. Zipatala ndi antchito ake ankalandira ndalama yapadera akakwaniritsa zomwe anagwirizana pa uchembere, ndipo amayi ankapatsidwa ya thiransipoti ndi yowathandiza kukhala m'chipatala maola 48 atachira. Zipangizo ndi mankhwala m'mawodi a amayi zinayamba kupezekako bwino, koma chiwerengero cha ochilira kuchipatala sichinasinthe kwenikweni, poti chinali chokwera kale.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi njira imeneyi n'chakuti maso onse amapita pa zimene zikuwerengedwa. Kubereka kumawerengeka mosavuta. Nanga agogo odwala shuga, ofunika kuwafotokozera kawiri katatu kamwedwe ka mapilitsi ndi kadyedwe ka nsima, nthawi yokhala nawo ilembedwa pa fomu iti?