Kodi makapisozi a vitamini E amatetezadi mtima?

Achinyamata ambiri mwaonapo timabotolo ta makapisozi achikasu olembedwa vitamini E m'mafamase. Ena mwa inu mwatumidwapo kukagulira mayi kapena agogo amene akudwala matenda othamanga magazi, poti wina anawauza kuti "amatsuka mtima". Musanawononge ndalama ya ndiwo, tiyeni tione zimene akatswiri a zaumoyo anapeza.

Vitamini E anatulukiridwa m'chaka cha 1922 ndi Herbert Evans ndi Katharine Bishop ku California. Alipo wa mitundu 8: inayi imatchedwa tocopherol, inayi ina tocotrienol. Chiwindi chathu chimasankha mtundu umodzi, alpha-tocopherol, n'kuutumiza m'magazi, ndipo mitundu inayo imatuluka msanga m'thupi. Werengani bwino pabotolo. Mukaona d-alpha, ameneyo ndi wochokera ku mafuta a zomera. Mukaona dl-alpha, ndi wopangidwa m'fakitale, ndipo mphamvu yake ndi pafupifupi theka la winayo mukawayeza mofanana. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 15 okha patsiku, koma kapisozi mmodzi wa 400 IU amakhala ndi mamiligalamu 180 kapena 268 malinga ndi mtundu wake.

Nanga nkhani ya mtima inachokera kuti? M'chaka cha 1993, ofufuza a ku Harvard anaona kuti anamwino amene ankamwa vitamini E sankadwala mtima kawirikawiri. Anthu anathamangira kogula. Koma vuto linali lakuti munthu amene amagula mavitamini nthawi zambiri amakhalanso wosasuta, wodya bwino ndiponso wopita kuchipatala msanga. Choncho panafunika kuyesa mwachilungamo: gulu lina kupatsidwa vitamini weniweni, gulu lina kapisozi wopanda mankhwala, popanda wodziwa chimene akumwa.

Kafukufuku wotere, wotchedwa HOPE, anatsogoleredwa ndi madokotala a ku Canada ndipo anakhudza anthu oposa 9,500. Zotsatira zake zinatuluka mu 2000: vitamini E sanachepetse matenda a mtima, sitiroko ngakhalenso imfa. Atawatsatirabe kwa zaka zina, mu 2005 analengeza kuti omwa vitaminiyo ndi amene mtima wawo unkafooka kwambiri. Mu 2008, kafukufuku wina pakati pa madokotala aamuna oposa 14,000 ku America anapezanso kuti palibe phindu, koma sitiroko yobwera chifukwa chotuluka magazi mu ubongo inachulukirako. Vitamini E wambiri amachedwetsa kuundana kwa magazi, n'chifukwa chake ndi woopsa kwa omwa warfarin kapena asipulini tsiku lililonse.

Anzathu amene ali ndi kachilombo ka HIV nkhaniyi ikuwakhudza, chifukwa chiopsezo cha matenda a mtima chimakhala chokwererapo kwa iwo, ndipo ogulitsa mavitamini amawasakasaka. Chimene chinaonetsa phindu mu kafukufuku wa REPRIEVE mu 2023 si vitamini ayi, koma mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi otchedwa pitavastatin, amene amalemba ndi dokotala. Ngati mukumwa ma ARV, uzani adokotala za chilichonse chimene mukumwa chowonjezera.

Vitamini E amene thupi limafuna ali kale m'khitchini mwathu: mtedza, nsinjiro zothira m'masamba, mapeyala ndi mpendadzuwa. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta a mpendadzuwa imapereka mamiligalamu oposa 5, gawo limodzi mwa magawo atatu a zofunika patsiku.