Wotchi yati wawoloka Mwanza, koma nsapato zili zouma

Kuno ku Chapananga wothamanga amalawirira, chifukwa dzuwa la ku Chikwawa likakwera silichita nthabwala. M'mawa wina ndinabwereka mnyamata wa Fomu 3 wotchi yanga ya GPS kuti ayeze liwiro lake pokonzekera mpikisano. Anabwerako akumwetulira. "Aphunzitsi, makilomita 5 ndamaliza m'mphindi 16 zokha!"

Titatsegula mapu pa foni, tinaona zodabwitsa. Mzere wa njira yake unali wokhotakhota, unadutsa m'nyumba za anthu, ndipo unawoloka mtsinje wa Mwanza kawiri. Koma nsapato zake zinali zouma gwa. Akanakhulupirira wotchiyo, akanapita ku mpikisano akudziyesa katswiri.

Ndiye chinalakwika n'chiyani? Yankho lili mu fizikisi ya m'kalasi yomwe ija: mtunda = liwiro × nthawi.

Masetilaiti a GPS amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Iliyonse imatumiza uthenga wonena pamene ili ndi nthawi imene uthengawo wanyamuka. Uthengawu umayenda pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho umafika pa mkono panu m'masekondi ngati 0.07. Wotchi imayeza nthawi imeneyi n'kupeza kutalika kwa setilaitiyo. Imafunika masetilaiti osachepera 4: atatu opezera malo, yachinayi yokonzera nthawi ya wotchiyo. Sifuna bandulo kapena netiweki ya foni ayi.

Tsono taonani apa. Wotchi ikaphonya nthawi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi, mtunda walakwika ndi mamita 300. Kachedwedwe kakang'ono, vuto lalikulu.

Uthengawo umachedwa pa zifukwa zingapo. Mpweya wa m'mwamba kwambiri umauchedwetsa pang'ono. Mitengo yowirira ndi mapiri zimautchinga. Malata ndi makoma zimaubweza ngati mmene galasi limabwezera kuwala, motero umafika mozungulira, wotchi n'kuganiza kuti muli potero pamene muli pano. Popeza wotchi imalumikiza timadontho ta malo amene yapeza, kukhota kulikonse kwabodza kumawonjezera mamita.

Mnyamata uja anavomera kuti anadina batani loyambira ali pakhonde, pansi pa malata, wotchi isanagwire masetilaiti. Kenaka anatsata njira ya pansi pa mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Wotchi yanu, kaya foni, ikamachita zoterezi, yesani izi. Imani pabwalo poyera mpaka ionetse kuti yagwira masetilaiti, mudikirenso pang'ono musananyamuke. Ilumikizeni ndi foni pafupipafupi kuti ilandire ndandanda yatsopano ya pamene masetilaiti ali. Zimitsani njira yosungira batire, chifukwa imalemba madontho motalikirana, wotchi n'kumadula ngodya, mtunda n'kuchepa. Ngati ikulola, yatsaninso Galileo ya ku Ulaya, GLONASS ya ku Russia kapena BeiDou ya ku China. Masetilaiti akachuluka, mtengo umodzi sungatchinge onse.

Pomaliza, chitani zimene wasayansi amachita: yerekezani chida ndi muyezo wodziwika. Ife tinatenga tepi n'kuyeza bwalo la mpira. Tinapeza mamita 100 m'litali ndi 60 m'lifupi, kutanthauza mamita 320 kuzungulira. Mnyamatayo anazungulira maulendo 10, omwe ndi mamita 3,200, ndipo wotchi, itagwira bwino masetilaiti poyera, inasiyana ndi tepi pang'ono chabe.

Titawerengera liwiro lake lenileni, makilomita 5 anafuna mphindi 19. Nkhope inagwa pang'ono, koma mawa lake 5 koloko anali kale pabwalo, ataima chilili, mkono uli m'mwamba, kudikira masetilaiti.