Zoyenera kudziwa musanakhale pa makina oyeza m'mbali mwa maso

Vuto la maso likakupezani ku Golomoti kapena ku Mtakataka, mumayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanuko kapena cha mishoni ku Mua. Likawakulira, amalemba m'buku lanu la kuchipatala n'kukutumizani kumtunda, ku chipatala cha boma cha Dedza. Wa zamaso akakayikira glaucoma amakupititsani ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ena amalowera ku Nkhoma. Ku zipatala za boma simulipira, koma za mishoni zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM zimalipiritsa, choncho funsiranitu mtengo musananyamuke.

Glaucoma ndi yosiyana ndi ng'ala. Ng'ala amaichotsa, munthu n'kuonanso. Glaucoma imadya mtsempha wa diso mwakachetechete, kawirikawiri kuyambira m'mbali, ndipo pomwe yadya sipabwerera. Mayi amasankha mpunga m'lichero bwinobwino, koma kabaza yodzera m'mbali osaiona. N'chifukwa chake madokotala, kuwonjezera pa kuyeza mphamvu ya madzi a m'diso, amafuna kudziwa kuti diso lanu likuona mpaka pati.

Kumene kuli makina ake, amakulowetsani m'chipinda cha mdima pang'ono. Diso limodzi amaliphimba. Chibwano mumachikhazika pa kachotengera kake, chipumi n'kugunda pa chotsamira, ndipo patsogolo panu pamakhala chinthu choyera chonga mbale yolowa. Pakati pake pali kanyali kosazima. Ntchito yanu ndi kuyang'ana kanyaliko basi, n'kumadina batani lomwe lili m'manja mukaona kuwala kwathwanima paliponse. Diso lililonse limatenga mphindi zochepa.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Kuwala kukathwanima m'mbali, diso limafuna kukuthamangira. Mukatero, mbali yomwe ikufa imabisika, pepala la zotsatira n'kutuluka ngati la munthu wabwinobwino. Makinawo amakhala akukulondani. Diso la munthu aliyense lili ndi kamalo kosaona, pomwe mtsempha umatulukira, ndipo pa makina ngati a Humphrey kuwala kwina kumaponyedwa dala pamenepo. Mukadina, ndiye kuti diso linachoka pakati. Zikachitika koposa kamodzi pa kasanu kalikonse, zotsatira zimayamba kukayikitsa. Woyezayo nayenso amaona diso lanu pa kakanema. Mutu ukabwerera m'mbuyo kapena kupendekeka, mkombero wa galasi lomwe aika patsogolo pa diso umatchinga kuwala, n'kuoneka ngati matenda pomwe palibe.

Ndikufuna akuluakulu athu amve ichi, chifukwa ulemu umawapweteketsa. Amaopa kukhumudwitsa adokotala, ndiye amadina ngakhale sanaone kanthu. Musatero ayi. Makinawa amachepetsa kuwala mwadala kuti apeze pomwe diso lanu lalekezera, kotero palibe munthu amene amakuona konse. Kukhala kanthawi osadina si kulephera.

Muli ndi ufulu wofotokozeredwa m'Chichewa kufikira mutamvetsa. Mpando ukatalika kapena khosi likawawa, nenani asanayambe kuti akukonzereni. Kuphethira n'kololedwa. Mukatopa, kapena misozi ikalengeza, pemphani kuti aimitse kaye. Wochokera kunyanja amene wadzuka mbandakucha, n'kukwera chitunda cha Khwekhwerere pa galimoto yodzaza, amatha kuwodzera mumdimamo, ndiye idyani kanthu ndi kupumako musanalowe. Magalasi anu ndi mankhwala odontheza m'maso muwatenge.

Akakuuzani kuti mubwereze, musakwiye ngakhale thiransipoti ndi yowawa, pakuti ambiri amayeza bwino ulendo wachiwiri, akazolowera. Funsani ngati n'zotheka kubwereza tsiku lomwelo mutapuma. Pepala la zotsatira mulisunge m'buku la kuchipatala, chifukwa dokotala amalifananiza ndi la ulendo wotsatira kuti adziwe ngati mankhwala akugwira kapena pakufunika opaleshoni. Glaucoma imayenda m'magazi, ndiye ikapezeka mwa inu, uzani abale anu a bere limodzi ndi ana anu akuluakulu kuti nawonso akayezetse.