Timakutu ta M'chifu

(Phokoso la mthiko ukuvundula nsima)

Dzuwa lafika paliwombo kuno ku Angónia. M'munsi mwa phiri la Dómuè alimi atula makasu m'minda ya mbatatesi, ndipo fungo la nyemba likuwaitanira kumudzi. Nsima sinapakulidwe, koma omvera, m'mimba ntchito yayamba kale.

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi amachidziwa chifu. Munthunso ali nacho, ndipo khoma lake lam'kati lili ndi maselo osawerengeka. Pakhungu la selo lililonse pali timakutu ting'onoting'ono, timene akatswiri amati ma receptor. Kakhutu kalikonse kamamva uthenga wake wokha, monga wailesi yanuyo yagwira siteshoni ino n'kusiya zina zonse zili mumlengalenga.

Chifu chikakhala chopanda kanthu chimatulutsa m'magazi homoni yotchedwa ghrelin, imene imakafika ku ubongo n'kukanena za njala. Makolo athu ankaidziwa njala ya mu February, chimanga chisanakhwime, koma mthenga wakeyu anadziwika mu 1999, pamene Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa anamupeza ku Japan.

Tsopano mbamu yoyamba yatsika, yosunsa mu nyemba. Kumunsi kwa chifu kuli maselo otchedwa G. Nyemba zikayamba kusungunuka, tizidutswa ta mapuloteni timakhudza timakutu ta maselowa, ndipo iwo amatulutsa gastrin, homoni imene John Edkins anaitchula ku London mu 1905. Gastrin amayenda m'magazi n'kukadzutsa maselo ena kumtunda kwa chifu chomwecho. Amenewo amatulutsa histamine, ndiye asidi wogaya chakudya amakhuthuka.

Chimene chimandigometsa ine ndi chakuti chifu chimadziwanso kuleka. Pafupi ndi maselo a G pali anansi awo, maselo a D. Asidi akawawa mopyola, anansiwa amatulutsa somatostatin, imene imakagwira timakutu ta maselo a G n'kuwauza kuti basi, zakwana. Ntchito yonse imathera pomwepo, mwini mimba akusamba m'manja, osadziwa kanthu.

(Mawu a anthu pamsika)

Pamsika wa ku Ulónguè mupeza soda amene amayi amathira mu therere m'malo mwa chidulo. Anthu ena akamva chilungulira amasungunula sodayo m'madzi n'kumwa. Moto wa pamtima umazimadi kanthawi. Koma asidi akazirala mwadzidzidzi, maselo a D amakhala chete, a G n'kuyambiranso kuitanitsa asidi wina.

Nthawi zina wosokoneza weniweni ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kamalowa m'thupi munthu akadali mwana n'kukhala m'chifu zaka zambiri. Kakatupitsa khoma lakumunsi, somatostatin imachepa, gastrin n'kumachuluka popanda womuletsa. Umo ndi momwe zilonda za m'mimba zambiri zimayambira. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa chotsimikiza zimenezi. Marshall anachita kumwa tizilomboto iye mwini kuti anzake amukhulupirire.

Choncho bambo amene mukudzuka pakati pa usiku mutagwira pamimba, soda sangachotse kachilomboka. Kamafa ndi mankhwala opha tizilombo, omwedwa pamodzi ndi ochepetsa asidi monga omeprazole, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, dokotala atakupimani. Ndipo chimbudzi chikayamba kutuluka chakuda ngati phula, kapena mukasanza magazi, musadikire kuti kuche.