KIYI WA GALIMOTO AKAKANA KUMVERA

Usiku wina m'mwezi wa February, mvula yamvumbi ili mkati, tidadzidzimuka ndi kugogoda pakhomo. Mkazi wa mnansi wathu nthawi yake idali itakwana, ndipo padafunika galimoto yothamangira naye ku chipatala cha Kabudula. M'mudzi monse galimoto idalipo imodzi yokha, Toyota yochokera ku Japan, ya mtundu uja wolizira pa batani, imene masana imanyamula anthu pakati pa Kasiya ndi Lilongwe. Mwini wake adadzuka msanga, koma atadina rimoti ya kiyi, zitseko zidangoti chete. Adadinanso kawiri, katatu, osaphula kanthu. Amayi adayamba kunong'onezana, ndipo gogo wina adanena poyera kuti pamenepa pali dzanja la munthu.

Pagulupo padali mnyamata amene ndidamphunzitsa zaka zapitazo, yemwe tsopano amakonza mafoni pamsika. Iye adati, "Bambo, tandipatsani kiyiyo ndione." Adakankha kotsekera kakang'ono m'mbali mwa rimoti, nasolola kiyi wachitsulo amene mwini galimotoyo sadadziwe n'komwe kuti alimo, natsekula chitseko. Kenaka adati, "Pondani buleki, mugunditse rimotiyi pa batani lolizira, ndiye mudine." Injini idalira. Mbandakucha mwana adabadwa, ali bwinobwino pamodzi ndi mayi wake.

M'mawa mwake ndidapita pabenchi pake kukaonerera akutsekula rimotiyo. Chimene chikadatayitsa miyoyo iwiri chidali batire lofanana ndi kandalama kachitsulo, limene lidangotha mphamvu. Zimene ndidaona pamenepo ndizo ndafuna kugawana nanu, owerenga, chifukwa galimoto zoterezi zachuluka m'misewu yathu, koma odziwa za makiyi ake ngochepa.

Poyamba tidziwe kuti kiyi wamakono ndi zinthu zitatu m'chikhokho chimodzi. Choyamba ndi chitsulo cha mano chija tidachizolowera. Chachiwiri ndi rimoti, imene ili kawailesi kakang'ono kotumiza uthenga ku galimoto kuti zitseko zitseguke kapena zitsekeke. Iyi ndiyo imadya batire. Chachitatu, chimene chili m'makiyi a galimoto zambiri, ndi kachipangizo kochepa ngati njere ya mpunga kotchedwa transponder. Ntchito yake ndi kutsimikizira kompyuta ya galimoto kuti kiyi ndi wake weniweni. Popanda iko injini imakana kulira, ngakhale mano a kiyi akhale olondola.

Kanjere kameneka sikafuna batire. Pamalo polowetsa kiyi, kapena kuseri kwa batani lolizira, pali waya wokulungidwa amene amatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo ndiyo imakadzutsa kakayandikira. Apa ndi pamene padagona nzeru ya mnyamata uja. Ndi lamulo lomwe lija adalitulukira Michael Faraday m'chaka cha 1831, limene ana athu amaliloweza pokonzekera mayeso a MSCE ngati chinthu chakutali ndi moyo wawo.

Luso la makiyi otere si lakale kwenikweni. Galimoto yoyamba kugulitsidwa ndi rimoti yotsekulira zitseko idali Renault Fuego ya ku France m'chaka cha 1982. Posakhalitsa akuba adaphunzira kutchera khutu ndi makina awo, n'kukopera uthenga wa rimoti. Mwa njira zothana nawo, imodzi yotchuka idachokera kuno ku Africa: kampani ya Nanoteq ya ku South Africa idakonza njira yotchedwa KeeLoq, imene imasintha nambala yachinsinsi nthawi iliyonse munthu akadina batani, ndipo m'chaka cha 1995 idagulidwa ndi kampani ya Microchip ya ku America. Ku Germany ndi ku Britain, kuyambira 1998, lamulo lidakakamiza kuti galimoto zatsopano zikhale ndi chipangizo chokaniza injini kulira ndi kiyi wachilendo.

Tsono rimoti ikayamba kuvuta tiyambire pati? Tiyambire pa batire, pakuti nthawi zambiri vuto limakhala pomwepo. Chizindikiro chake n'chakuti rimoti imene inkamveka muli patali imayamba kufuna kuti muyandikire, kapena kudina kangapo. Tsekulani chikhokho mosamala potsata mpata umene uli m'mbali, ndipo musanachotse batire yang'anitsitsani mbali imene chizindikiro cha + chaloza. Werengani nambala yolembedwa pamwamba pake. Nambalayo ili ndi tanthauzo: CR2032 ndi batire la mavoti 3, lotambalala mamilimita 20 ndi kuchindikala mamilimita 3.2, pamene CR2016 n'lofanana m'lifupi koma kuchindikala kwake ndi mamilimita 1.6 okha. Mukaika lopyapyala m'malo mwa lochindikala, silikhudza bwino tizitsulo, ndipo mudzaimba mlandu rimoti yosalakwa. Safunsa adadya phula. Tengani batire lakalelo popita kukagula linzake.

Batire likakhala labwino koma rimoti ikukanabe, mdani wachiwiri ndi litsiro. Fumbi la m'chilimwe, thukuta la m'thumba ndi chinyezi cha dzinja zimalowa pang'onopang'ono n'kuphimba tizitsulo tokhudza batire ndi pansi pa mabatani. Pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti, muumitse pamthunzi. Ngati kazitsulo kogwira batire kafooka, kakwezeni pang'ono ndi nsonga ya singano. Rimoti ikagwera m'madzi, kapena ikachapidwira limodzi ndi buluku, musaidine poyesa ngati ikadali moyo. Chotsani batire nthawi yomweyo, muitsuke ndi sipiriti, ndipo muidikire iume kotheratu.

Vuto lachitatu ndi la kugwa. Kiyi akagwa pasimenti kawirikawiri, mtovu umene udalumikiza mabatani kapena chogwirira batire umang'aluka. Mng'alu wake ngwaung'ono, wofuna kuwala kokwanira ndi diso lofatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Aliyense wodziwa kuwotcherera mafoni kapena mawailesi angathe kuulumikizanso m'mphindi zochepa, malinga asatenthetse kwambiri.

Pali cholakwa chimodzi chimene chaliritsa ambiri. Chikhokho chikasweka, munthu amagula chatsopano m'tauni, nasamutsa za m'kati, chakalecho n'kutaya kudzala. Pobwera apeza zitseko zikutseguka koma injini yakana. Chifukwa chake n'chakuti m'makiyi ena kanjere kaja kamakhala pakokha, kobisika pakona ya chikhokho. Musataye chikhokho chakale kufikira galimoto italira ndi chatsopano.

Tisanamizane, pali zina zosatheka pabenchi ya pamsika. Kiyi watsopano ayenera kudziwitsidwa ku kompyuta ya galimoto, ndipo pa galimoto zambiri izi zimafuna makina apadera. Ndiponso si rimoti iliyonse yooneka mofanana imene ingagwire ntchito. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimalankhula pa mafunde a kufupi ndi 315 MHz, pamene za ku Ulaya ndi ku South Africa zimagwiritsa ntchito 433 MHz. Choncho mbale wanu wa ku Johannesburg angakutumizireni rimoti yokongola imene galimoto yanu siidzaimva mpaka kalekale. Ndipo popeza galimoto zambiri zakale zimafika ndi kiyi mmodzi yekha, wanzeru amadulitsa wachiwiri woyambayo akadalipo, chifukwa onse akatayika ntchito yake imakula ndipo mtengo umakwera koposa.

Chenjezo lina lipite kwa makolo. Batire lakutha musalitaye pabwalo. Mwana akalimeza lingathe kumuwotcha kummero m'maola awiri okha. Zikachitika thamangirani naye ku chipatala, osadikira kuti ayambe wadandaula.

Mawu anga otsiriza apite kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mwakhala pakhomo kudikira kalata ya ntchito. Mnyamata uja sadapite ku yunivesite. Chuma chake ndi chowotcherera, kamita koyezera magetsi, mabatire angapo ndi mtima wofuna kudziwa chimene chili m'kati mwa chinthu. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, ndipo makoleji a luso monga wa ku Namitete ndi wa ku Lilongwe sali kutali ndi ife. Luso la magetsi a galimoto n'loyenera kulilingalira, pakuti galimoto ya lero ikafa, nthawi zina sipanala siithandiza.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinene zimene zidandichititsa manyazi. Ine ndidaphunzitsa lamulo la Faraday ndi choko kwa zaka zambiri, koma usiku uja ndidaima pamvula manja ali m'thumba. Sabata yotsatira ndidapempha rimoti yakufa, ndidaitsekula pamaso pa ana a Folomu 4, ndipo tsiku limenelo palibe adasinza.