Guiding Light: nyali ya pazenera yomwe inayaka zaka 72

Pa 25 January 1937, anthu a ku America omwe anatsegula wailesi ya NBC anamva sewero latsopano la mphindi 15. Nkhani yake inali ya m'busa, John Ruthledge, wa m'dera longopeka la Five Points mumzinda wa Chicago. M'busayu ankasiya nyali ikuyaka pazenera la chipinda chake chowerengera, kuti aliyense amene zamuthina adziwe kuti pali khomo loti n'kugogoda ngakhale usiku. Nyali imeneyi ndi yomwe inapatsa seweroli dzina lakuti The Guiding Light, kutanthauza kuwala kolondolera anthu njira. Mwana amene anabadwa tsiku limenelo anali nkhalamba ya zaka 72 pamene gawo lomaliza linkaonetsedwa, pa 18 September 2009.

Mwini nkhani anali Irna Phillips, mayi wa ku Chicago wobadwa mu 1901, yemwe anayamba wagwirapo ntchito yauphunzitsi asanalowe pa wailesi ya WGN. Ali ndi zaka 19 anatenga pathupi, mwamuna anamuthawa, ndipo mwanayo anabadwa wakufa. M'masiku owawa amenewo chinkamutonthoza ndi maulaliki a pa wailesi a m'busa Preston Bradley. Choncho Ruthledge sanachokere m'mutu chabe. Phillips ankadziwa bwino momwe munthu wosweka mtima amamatirira ku liwu lotuluka m'kabokosi ka pabalaza, ndipo ntchito yake yonse inamangidwa pa chidziwitso chimenechi. Kalembedwe kake kanalinso kachilendo. Sankakhala pansi ndi cholembera. Ankayankhula mawu a munthu aliyense wa m'sewero mokweza, akusinthasintha liwu, mlembi wake akulemba.

Nanga sopo akubwera bwanji m'nkhaniyi? Masewero oterewa Azungu amawatchula kuti soap opera chifukwa omwe ankalipira kuti aulutsidwe anali makampani a sopo. Wamkulu wawo anali Procter & Gamble. Kampaniyi inaona kuti masana, abambo ali kuntchito ndipo ana ali kusukulu, mayi amakhala yekha pakhomo akuchapa, kusita ndi kuphika, ndipo ndi iyeyo amene amasankha sopo wogula. Nkhani yosatha, yoduka pokoma tsiku lililonse, inali nyambo yoti mayiyo abwerenso mawa adzamve zotsatira, n'kumvanso dzina la sopoyo. Palibe chifukwa chobisira kuti chiyambi chake chinali malonda. Chochititsa chidwi ndi zomwe olemba anakwanitsa kunyamulira m'dengu la malondalo.

Kumapeto kwa 1941 Procter & Gamble inasiya kulipirira seweroli. Omvera analemba makalata ochuluka odandaula, ndipo patangopita miyezi yochepa linabwerera mothandizidwa ndi kampani ya zakudya ya General Mills. Mu 1947 linasamukira ku wailesi ya CBS, komwe linakhala mpaka mapeto ake, ndipo Procter & Gamble inalitenganso.

Mu 1948 m'seweromo munalowa banja la a Bauer, anthu wamba ochokera ku Germany: Papa Bauer ndi ana awo Meta, Bill ndi Trudy. Banjali linameza nkhani yonse. Meta atawombera mwamuna wake Ted White, yemwe ankamuimba mlandu pa imfa ya mwana wawo Chuckie, opanga seweroli anapempha omvera kuti agamule okha mlanduwo polemba makalata. Ambiri anati mayiyo amasulidwe, ndipo anamasulidwadi. Kalekale kusanabwere zovota pa foni, omvera anali atayamba kale kuona seweroli ngati lawo.

Pa 30 June 1952 linayamba kuoneka pa kanema. Kwa zaka zinayi zotsatira, ochita seweroli ankasewera gawo lomwelo kawiri patsiku, kamodzi pa kanema ndi kamodzi pa wailesi, mpaka la pa wailesi linatsekedwa mu 1956. Panalibe zojambuliratu. Chilichonse chinkapita kwa oonera nthawi yomweyo, woimba limba ali pambali kudikira kuti akometse pomwe pali chisoni kapena mantha. Munthu akaiwala mawu, dziko lonse linkaona, ndipo mnzake ankayenera kumupulumutsa pomwepo. Mawa lake kunali mawu ena atsopano oti aloweze, Lolemba mpaka Lachisanu, chaka chonse.

Nkhani yomwe ikuyenera kukumbukiridwa kwambiri ndi ya mu 1962. Nthawi imeneyo mlembi wamkulu anali Agnes Nixon, yemwe anaphunzira ntchito kwa Phillips. Mnzake wa Nixon anali atamwalira ndi khansa, matenda omwe akanatha kugwidwa msanga akanapimidwa. Nixon anaganiza zodwalitsa Bert Bauer, mkazi wa Bill, munthu yemwe amayi oonera ankamutenga ngati mnzawo wa pamtondo. Akuluakulu a CBS ndi a kampani ya sopo anazengereza. Atavomera, anaika lamulo lakuti mawu ena, kuphatikizapo lakuti khansa ndi lakuti chiberekero, asatchulidwe. Nixon anazungulira mpanda umenewu mwaluso. Oonera anaona Bert akuzengereza kupita kwa dokotala monga amachitira anthu ambiri, anamuona akupimidwa, akuchita mantha, akuchitidwa opaleshoni, kenako akuchira chifukwa matendawo anapezeka msanga. Amayi analemba makalata kunena kuti nawonso apita kukapimitsa.

Wowerenga wa ku Malawi, dziko lomwe lili m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri ndi khansa ya khomo la chiberekero padziko lonse, sangaione nkhani imeneyi ngati yachibwana. Chikalata cha kuchipatala chimauza mayi kuti akapimitse. Sewero limamuonetsa munthu amene wakhala naye pabalaza zaka khumi akuopa zomwe iyenso akuopa, ndipo uthenga umalowa mosavuta. Amene anakula akumvera Zimachitika kapena kuonera Tikuferanji akuidziwa mphamvu imeneyi.

Mu 1966, pomwe America inali pa mkangano waukulu wa ufulu wa anthu akuda, m'seweromo munalowa dokotala wachikuda Jim Frazier ndi mkazi wake Martha, yemwe anali namwino. Oyamba kusewera mbalizi anali Billy Dee Williams ndi Cicely Tyson, kenako James Earl Jones ndi Ruby Dee, onse anayi mayina akuluakulu m'mafilimu. Enanso ambiri anadutsa pomwepa asanatchuke. Christopher Walken anaseweramo ali mwana, Kevin Bacon ali mnyamata, ndipo pambuyo pake kunabwera Nia Long, Taye Diggs ndi Hayden Panettiere.

Nkhani inali itasamukira m'tauni yongopeka ya Springfield. Zithunzi zinayamba kuoneka zamitundu mu 1967, gawo lililonse linakula kufika mphindi 30 mu 1968, ndipo mu 1977 linafika ola lathunthu. Kunabwera mabanja atsopano, a Spaulding achuma, a Lewis a migodi ya mafuta, a Reardon ndi a Cooper okhalira thukuta lawo. Mu 1979 Holly anatengera kukhoti mwamuna wake Roger Thorpe chifukwa chomugwiririra, pa nthawi yomwe anthu ambiri sankavomereza n'komwe kuti mwamuna angagwiririre mkazi wake wa m'nyumba.

Koma mtima wa seweroli unali Bert, ndipo mtima wa Bert unali Charita Bauer, mayi yemwe mwangozi chabe dzina la makolo ake linkafanana ndi la banja la m'seweromo. Anayamba kusewera Bert mu 1950 ali mtsikana wovutitsa mwamuna ndi zofuna zake, n'kukalamba naye mpaka kukhala gogo wolangiza aliyense. Mu 1983 madokotala anamudula mwendo chifukwa cha vuto la kayendedwe ka magazi. Atabwerera kuntchito, anavomera kuti Bert nayenso adulidwe mwendo. Pali chithunzi chimodzi chomwe oonera sanachiiwale. Bert ali yekha, kapu ikumupulumuka n'kugwa pansi, iye akulephera kuwerama kuti atole, ndipo mayi amene kwa zaka zambiri ankatumikira aliyense akuyamba kulira. Anthu ankadziwa kuti misoziyo sinali ya sewero lokha. Charita Bauer anamwalira mu February 1985, atakhala Bert kwa zaka 34.

Apa ndi pomwe sewero la tsiku ndi tsiku limaposa filimu. Filimu imatha m'maola awiri. Sewero lotere limayenda pa liwiro la moyo weniweni, moti woonera amakalamba limodzi ndi anthu ake, amakwatitsa ana nthawi imodzi ndi iwo, ndipo maliro a m'seweromo amamukhudza ngati a pamudzi. M'mabanja ambiri a ku America, chizolowezi choonera Guiding Light chinachoka kwa agogo, kupita kwa amayi, mpaka kwa zidzukulu.

Zaka za m'ma 1980 zinali za Reva Shayne, mkazi wamoto wosaopa munthu, yemwe Kim Zimmer anayamba kumusewera mu 1983 ndipo anapata naye mphoto zinayi za Daytime Emmy. Chikondi cha Reva ndi Josh Lewis, chokwatirana n'kulekana n'kubwererananso, chinakoka oonera kwa zaka zoposa 25. Komabe si zonse zomwe zinali zabwino. Mu 1998, dziko likadali pa nkhani ya nkhosa yotchedwa Dolly yomwe asayansi anaipanga kuchokera ku selo ya nkhosa ina, olemba anapanga Reva wachiwiri mwa njira yomweyo. Okonda seweroli ambiri anakhumudwa, ndipo anali ndi chifukwa. Nkhani yomwe inakula pofotokoza mavuto a m'khitchini ndi m'chipatala inali itayamba kuthamangitsa zodabwitsa pofuna kugwira anthu omwe ankachoka.

Ndipo ankachokadi. Amayi ambiri anali atayamba ntchito, masana pakhomo palibe munthu. Mawailesi a kanema anachuluka, aliyense ndi zake. Mu 1995 mlandu wa kukhoti wa munthu wotchuka O. J. Simpson unkaonetsedwa masana kwa miyezi yambiri, n'kusokoneza chizolowezi cha oonera masewero onse a mtunduwu, ndipo ena sanabwererenso. Kupanga maola asanu a sewero sabata iliyonse, ndi gulu lalikulu la anthu olipidwa, kunayamba kudya ndalama zambiri poyerekeza ndi mapologalamu a mipikisano ndi a zokambirana.

Mu February 2008, Ellen Wheeler, yemwe ankatsogolera ntchito yopanga seweroli, anayesa njira yomaliza. Anayamba kujambula ndi makamera ang'onoang'ono a m'manja, zambiri panja, m'tauni yaing'ono ya Peapack ku New Jersey. Mtengo unatsika, koma oonera akale ankadandaula ndi zithunzi zogwedezeka ndi mawu osamveka bwino, ndipo atsopano sanabwere. Pa 1 April 2009 CBS inalengeza kuti seweroli litha. Pofika pa mapeto ake linali litaonetsa magawo 15,762 pa kanema m'zaka 57, osawerengera a pa wailesi, ndipo buku la Guinness linali litalilemba kale kuti linali sewero lokhalitsa kuposa onse pa kanema pa nthawiyo.

M'gawo lomaliza, Josh anadikira Reva pansi pa nsanja ya nyali yolondolera sitima za pamadzi, chizindikiro cha seweroli chomwe chinalowa m'malo mwa nyali ya m'busa uja. Reva anabwera, anakwera m'galimoto yakale ya Josh, ndipo awiriwo ananyamuka. Pa 5 October, nthawi yomwe seweroli linasiya inapatsidwa kwa pologalamu ya mpikisano wa mphoto ya Let's Make a Deal. Chaka chotsatira CBS inatsekanso As the World Turns, sewero lina la Irna Phillips lomwe linayamba mu 1956, ndipo Procter & Gamble inatsala yopanda sewero lililonse la masana pa kanema.