Nsadzu: mbalame yakutchire yomwe imamva kuitana kwa munthu

Nyama zambiri zomwe zimagwira ntchito ndi munthu, monga galu, ng'ombe ndi bulu, zidachita kuwetedwa ndi kuphunzitsidwa. Nsadzu ndi yosiyana nazo. Mbalameyi simangidwa, siikidwa m'khola, ndipo palibe amene amaiphunzitsa, komabe imatsogolera anthu kumene kuli njuchi. Kwa zaka zoposa 30 tsopano, akatswiri a sayansi akhala akufufuza chomwe chimachititsa mgwirizano umenewu, ndipo zomwe apeza zikutsimikiza zambiri zimene ofula uchi akhala akunena kuyambira kale.

Gwero la mgwirizanowu ndi chakudya. Nsadzu, yomwe dzina lake lasayansi ndi Indicator indicator, ili m'gulu la mbalame zochepa zomwe zimatha kugaya phula m'mimba. Imadyanso ana a njuchi. Imadziwa mitengo yomwe ili ndi njuchi m'dera lake, koma ilibe mphamvu zotsegula mphako, ndipo njuchi zikhoza kuiluma mpaka kufa. Munthu ali ndi moto wofukizira njuchi ndi nkhwangwa yong'ambira mtengo, koma amatha tsiku lathunthu akuyendayenda osapeza kanthu. Awiriwa akakumana, munthu amatenga uchi, mbalame n'kutsala ikudya phula.

Ikaona munthu, nsadzu imalira mobwerezabwereza uku ikuuluka kuchoka pamtengo wina kupita pa wina, nthenga zoyera zakumchira zikuonekera. Munthu akaitsatira, imapitiriza ulendo mpaka pafupi ndi njuchi, kenaka imasintha kaliridwe n'kutera chapafupi kudikira.

Wansembe wachipwitikizi, João dos Santos, yemwe adali ku Sofala m'dziko la Mozambique cha m'ma 1580, adalemba za kambalame komwe kankalowa m'tchalitchi kudzadya phula la makandulo. Koma kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri a kunja ankaiyesa nthano chabe nkhani yakuti mbalameyi imatsogolera anthu. Zinthu zidasintha mu 1989 pamene Hussein Isack wa ku Kenya ndi Heinz-Ulrich Reyer adasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pakati pa anthu a mtundu wa Boran, kumpoto kwa Kenya. Iwo adapeza kuti m'malo achilendo, munthu wopanda nsadzu ankatha maola pafupifupi 9 kuti apeze njuchi, pamene wotsogoleredwa ndi mbalameyi ankatha maola atatu okha.

Funso lidatsala lidali lakuti: kodi mbalameyi nayo imamva zomwe munthu akuiuza? Yankho lidachokera m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, kumpoto kwa Mozambique, komwe Ayao amafula uchi m'mitengo yakutchire. Poitana nsadzu, yomwe iwo amati sego, amanjenjemeretsa milomo kenaka n'kudzuma, mawu ake n'kumveka ngati "brrr-hm". Ambiri amati adaphunzira kuitanaku kwa atate awo.

Claire Spottiswoode wa m'sukulu zaukachenjede za Cambridge ndi Cape Town, mogwirizana ndi Keith ndi Colleen Begg, adajambula mawuwa n'kumawaulutsa pachipangizo poyenda m'tchire ndi ofula uchi. Maulendo ena ankaulutsa mawu wamba a Chiyao, ena kulira kwa njiwa. Zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya Science mu 2016. Mawu a "brrr-hm" akamveka, nsadzu inkabwera kudzatsogolera pamaulendo 66 mwa 100 alionse, pamene mawu enawo ankaikopa pamaulendo 33 okha. Mwayi wopeza njuchi udawirikiza katatu, kufika pa 54 mwa 100 alionse. Izi zidaonetsa kuti mbalameyi sithamangira phokoso lililonse la munthu, koma imazindikira mawu osonyeza kuti munthuyo akufuna uchi.

Mu 2023, Spottiswoode ndi Brian Wood wa ku University of California, Los Angeles, adapita patsogolo. Anthu a mtundu wa Hadza kumpoto kwa Tanzania amaitana mbalame yomweyi poimba likhweru. Akatswiriwa adaulutsa maitanidwe onse awiri m'maiko onse awiri. Nsadzu za ku Tanzania zinkayankha kwambiri likhweru la Ahadza, pamene za ku Niassa zinkayankha kwambiri kuitana kwa Ayao. Mwachidule, mbalame za dera lililonse zimaphunzira kuitana kwa anthu a kumeneko.

Chochititsa chidwi n'chakuti nsadzu singaphunzire zimenezi kwa makolo ake, chifukwa siwadziwa n'komwe. Mbalameyi simanga chisa. Imaikira dzira lake m'chisa cha mbalame zina, makamaka zoikira m'mphako ndi m'mauna. Kafukufuku wa kufupi ndi Choma ku Zambia adaonetsa kuti mwana wa nsadzu amabadwa ndi mlomo wokhala ndi ngowe zakuthwa, zomwe amaphera nazo ana a mwini chisa akangoswa, kuti chakudya chonse chikhale chake. Choncho khalidwe lotsogolera ndi lobadwa nalo, pamene kuzindikira kuitana kwa anthu imakuphunzira ikakula. Akatswiri akuganiza kuti zazing'ono zimaonera zazikulu pomwe zasonkhana kudya phula.

Nkhani ya malipiro nayo imasiyana malinga ndi mtundu wa anthu. Ayao amasiya zisa pamasamba kuti mbalame idye, ndipo m'madera ambiri a mu Africa muli chikhulupiriro chakuti ukaimana nsadzu, tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka kapena mkango. Ahadza amachita zosiyana: amakwirira kapena kutentha phula lotsala n'cholinga chakuti mbalame ikhale ndi njala, ipitirize kutsogolera.

Mgwirizanowu wazilala m'madera ambiri. Shuga wa m'sitolo walowa m'malo mwa uchi, alimi a njuchi ali ndi ming'oma yawo pafupi ndi mudzi, ndipo mitengo ikuluikulu yokhala ndi mphako ikutha ndi makala ndi kutsegula minda. Nsadzu payokha siili pachiopsezo chakutha, popeza imadyanso tizilombo tina. Chomwe chili pachiopsezo ndi luso la mbali zonse ziwiri. Kumene anthu adasiya kuyankha, mbalame nazo zimaleka kutsogolera, ndipo ana akaleka kuphunzira kuitana kwa makolo awo, mawuwo amazimirira mumbadwo umodzi.

N'chifukwa chake akatswiri oteteza zachilengedwe akulimbikitsa kuti ofula uchi asamangothamangitsidwa m'nkhalango, koma azithandizidwa kufula mosamala, osagwetsa mitengo mwachisawawa komanso osasiya moto woyambitsa lupsa. Ku Niassa, uchi wakutchire udakali chakudya ndi gwero la ndalama kwa mabanja ambiri, ndipo zonsezi zikudalira kuti mlenje ndi mbalame apitirize kumvana.